Mwala wamoyo sauthamangira

Anzanga, mu Bayoloje timaphunzira kuti mwala ulibe moyo. Koma anthu oweta nsomba za m'nyanja zamchere m'mathanki agalasi, makamaka ku Ulaya ndi ku America, ali ndi umene amautcha mwala wamoyo. Ndawerenga za mwalawu, ndiye ndati ndikugawireniko.

Mwalawu ndi zigoba zakale za makorali, tinyama ta m'nyanja zofunda monga za ku Fiji ndi Indonesia. Ndi wa calcium carbonate ngati chigoba cha nkhono, ndipo uli ndi timabowo tambirimbiri. Chamoyo si mwalawo ayi, koma zokhala m'timabowomo: mabakiteriya, ndere, nyongolotsi ndi tinkhanu.

Vuto ndi ili. Mwala ukavuulidwa n'kuyenda ulendo wautali, zamoyo zina zimafera m'njira. Zikamaola zimatulutsa amoniya, amene ndi poizoni kwa nsomba. Ukangouponya m'thanki tsiku lomwelo, nsomba zodula zija zonse basi zapita. Ndiye amayamba aukonza chonchi:

1. Amauika m'ndowa yapulasitiki ya madzi amchere, pafupifupi magalamu 35 pa lita imodzi. Mcherewo ndi wapadera, osati wothira m'ndiwo uja.
2. Amachotsa ndi burashi zonse zakufa, zoterera ndi zonunkha.
3. Amaikamo pampu yoyendetsa madzi kuti mpweya usathe, ndi hita yosunga kutentha pa madigiri 25 kapena 26.
4. Ndowayo imakhala pamthunzi kuti ndere zosafunika zisachuluke.
5. Madzi akada kapena kununkha, amatayako ena n'kuthiramo atsopano.
6. Amayeza madziwo pafupipafupi. Amoniya ndi nitrite zikafika pa 0, fungo n'kutha, ndiye kuti mwala wapsa.

Zimenezi zimatenga milungu iwiri mpaka inayi, mwinanso kuposa. Chimachitika n'chiyani nthawi yonseyi? Gulu lina la mabakiteriya limasandutsa amoniya kukhala nitrite, amenenso ndi poizoni. Gulu lachiwiri limasandutsa nitrite kukhala nitrate, amene saopsa kwambiri. Mabakiteriyawa amaswana pang'onopang'ono, sungawakakamize. Akachuluka, mwala uja umasanduka sefa ya m'thanki, yoyeretsa zonyansa za nsomba usana ndi usiku.

Mwina mukuti, "Nanga ife zikutikhudza bwanji, poti Nyanja ya Malawi si yamchere?" Zoonadi, mbuna zathu zimakonda miyala koma mwala wamoyo suzithandiza, chifukwa zamoyo zake zimafa m'madzi opanda mchere. Komabe mabakiteriya a ntchito yomweyi alimo m'dothi la kumunda kwathu. Ndowe za nkhuku zaziwisi zimawotcha mbewu chifukwa cha amoniya yemweyo, n'chifukwa chake makolo amadikira kuti manyowa apse asanathire. Nitrate amene amatsala ndiye chakudya cha chimanga.

Funso la sabata ino: chingachitike n'chiyani m'ndowa muja pampu itazima masiku awiri? Yankho mundipeze nalo pa buleki.

Mnzanu wa mu Fomu 2