Makina osokera pakhonde, sukulu pabalaza: zomwe Susanna Wesley angatiphunzitse

Sukulu zitatsekedwa pa 23 Malichi 2020 chifukwa cha Covid-19, ine ndinali fomu 2. Ndinafika kunyumba ndi chikwama changa n'kupeza amayi atakonza kale mapulani. Anatiitana tonse atatu, ine, mng'ono wanga wa sitandade 5 ndi mchimwene wathu wamng'ono wa sitandade 2, n'kunena kuti: "Kuyambira Lolemba sukulu ili pano. Aliyense asambe m'mawa ngati akupita m'kalasi."

Sukuluyo inayenda bwino sabata ziwiri zokha. Amayi ndi telala, ndipo nthawi imeneyo anthu anayamba kufuna mamasiki a chitenje. Mwana akangoyamba kuwerenga, pakhomo pamveka "Odi!" Amayi adzuka, akambirana mtengo, abwerera, apeza wophunzira wawo ali kuseri akuthamangitsa nkhuku. Kenako inafika nthawi yokolola. Panalinso khola la nkhuku lomwe anayamba kumanga mvula isanathe, litangofika m'chiuno. Tsiku lina ndinawapeza atakhala pamakina, osaponda, atangogwira tsaya.

Panopa ndikuphunzira zauphunzitsi, ndipo nkhani imeneyi ndimaiona mwina. Amayi sanasowe nzeru kapena khama. Anakumana ndi vuto lomwe mayi aliyense wophunzitsa ana ake kunyumba amakumana nalo: munthu mmodzi yemweyo ndiye mphunzitsi, wophika, namwino komanso mmisiri, koma dzuwa limalowa nthawi imodzimodzi. Kwathu kuno mabanja ophunzitsira ana kunyumba chaka chonse ndi ochepa. Ku America n'zofala, ndipo pofika 1993 malamulo a zigawo zonse 50 anali atavomereza. Ku South Africa lamulo la sukulu la 1996 limalola, bola mwanayo alembetsedwe kuboma. Komabe mayi yemwe amatithandiza kwambiri kumvetsa nkhaniyi anakhalako kale malamulo onsewa asanalembedwe.

Sukulu ya m'nyumba ya abusa ku Epworth

Susanna Wesley anabadwira ku London mu 1669 ndipo anamwalira mu 1742. Ambiri timamudziwa ngati mayi wa John ndi Charles Wesley, omwe anayambitsa gulu la Methodist. Anabereka ana 19, koma 9 anamwalira ali makanda. Mwamuna wake, Samuel, anali mbusa wa mpingo wa Anglican m'mudzi wa Epworth ku Lincolnshire, ndipo ngongole sizinkamuchoka, moti mu 1705 anatsekeredwa m'ndende ku Lincoln chifukwa cholephera kubweza. Ana khumi omwe anakula, anyamata atatu ndi atsikana asanu ndi awiri, anayambira maphunziro awo m'manja mwa mayi awo. Timadziwa mmene ankachitira chifukwa mu 1732 analembera John kalata yofotokoza ndondomeko yake, ndipo John anaiika m'buku lake la zochitika za tsiku ndi tsiku.

Mwana ankayamba sukulu akakwanitsa zaka zisanu. Dzulo lake, Susanna ankakonzeratu m'nyumba, kugawa ntchito kwa aliyense, n'kulamula kuti wina asalowe m'chipinda chophunzirira kuyambira 9 koloko mpaka 12 koloko, komanso kuyambira 2 koloko mpaka 5 koloko madzulo. Tsiku loyambalo linali la zilembo zonse za afabeti. Ana ake onse anazidziwa tsiku limodzi, kupatula atsikana awiri omwe anatenga tsiku ndi theka. Kenako ankayamba kuwerenga chaputala choyamba cha Genesis, vesi ndi vesi, osapita patsogolo mpaka mwana atawerenga mosadodoma.

Ambiri akamva izi amachita chidwi ndi afabeti ya tsiku limodzi. Ine chimene chimandigwira mtima ndi dzulo lija. Susanna anadziwa kuti phunziro limafera kukhitchini ndi pakhomo lisanayambe n'komwe. Choncho kukonzekera kwake sikunali kulemba chikonzero cha phunziro kokha, monga timachitira ife m'kalasi, koma kuonetsetsa kuti ntchito zina zonse zili ndi mwini wake pa maola amenewo. Kwathu "odi" aliyense ankatseka sukulu chifukwa panalibe amene anapatsidwa udindo woyankha. Ine ndinalipo, wa zaka 15, wokhoza kulandira ndalama ndi kupereka masiki, koma zinatitengera mwezi wathunthu kuti tiganize zimenezo.

Ayambe wawerenga, singano pambuyo

Pa malamulo ake a m'nyumba panali limodzi lokhudza luso la manja. Mtsikana sankaloledwa kuyamba kuphunzira kusoka mpaka atadziwa kuwerenga bwinobwino. Akadziwa, ankayenera kupereka kukusoka nthawi ndi khama lofanana ndi lomwe anapereka kukuwerenga. Chifukwa chake anachifotokoza yekha: anaona kuti amayi ambiri a m'nthawi yake sankawerenga momveka chifukwa anawapatsa singano msanga.

Taganizirani kulemera kwa lamulo limeneli. M'nyumba ya ngongole, ya ana ambiri, m'nthawi yomwe chovala chilichonse chinkasokedwa ndi manja, mtsikana wodziwa kusoka anali chuma. Kumuletsa kugwira singano kunali kudzionjezera ntchito mayi mwini. Susanna anasankha kusenza yekha mtolowo kwa kanthawi kuti ana ake aakazi asakule osadziwa kuwerenga.

Apa ndi pomwe nkhani ya ku England ya zaka 300 zapitazo imafika pakhonde pathu. Maoda atachuluka, amene ankaitanidwa kudzasita mamasiki ndi kudula malamba ake sanali mchimwene wathu. Anali mng'ono wanga. Anali ndi manja abwino, sankadandaula, ndipo amayi ankamuyamikira pamaso pa makasitomala. Palibe amene anakhala pansi n'kugamula kuti mtsikanayu asiye masamu. Zinangochitika, mphindi khumi lero, ola mawa, mpaka kope lake linakhala sabata zitatu osatsegulidwa. Ndikanena zoona, inenso ndinkasangalala, chifukwa akasita iye ndiye kuti ine ndapuma. Umo ndi mmene luso la manja, lomwe ndi chinthu chabwino, limadyera nthawi ya buku m'nyumba yomwe sukulu ndi ntchito zili pansi pa denga limodzi. Kusukulu wamba belu ndi mpanda zimamuteteza mwana. Kunyumba mpandawo ndi mayi.

Koma kodi ntchito ya manja si phunziro?

Wina afunsa choncho, ndipo afunsa bwino. Akatswiri ena a maphunziro a kunyumba sanafune kulekanitsa buku ndi ntchito monga anachitira Susanna. Charlotte Mason, mphunzitsi wa ku Britain yemwe anatulutsa buku lake la Home Education mu 1886, ankalimbikitsa maphunziro aafupi kwa ana aang'ono, a mphindi 10 mpaka 20 phunziro lililonse, onse atha m'mawa. Masana anali a kuyenda panja, kuona zachilengedwe ndi ntchito za manja. Iye ankafuna kuti mwana apange zinthu zenizeni zogwiritsa ntchito, aphunzitsidwe pang'onopang'ono, ndipo asapatsidwe ntchito yoposa msinkhu wake. Amayi ambiri ophunzitsa kunyumba ku America amatsatirabe njira yake. Raymond ndi Dorothy Moore, aphunzitsi a mpingo wathu omwe buku lawo la Better Late Than Early linatuluka mu 1975, anagawa tsiku la mwana m'magawo atatu: kuphunzira, ntchito ya manja ndi kutumikira ena. Iwo ankati mwana asathamangitsidwire maphunziro a pabenchi asanafike zaka 8 kapena 10, zomwe n'zosiyana kwambiri ndi zaka zisanu za ku Epworth.

Njira imeneyi imampepukitsira mayi, chifukwa zomwe akanachita yekha zimasanduka phunziro. Ndinaziona ndi maso. Mchimwene wathu, yemwe kuwonkhetsa pakope kunkamuliritsa, anadziwa kuwerenga m'magulu a zisanuzisanu pounjika mabatani. Tepi yoyezera ya amayi inamuphunzitsa masentimita asanawaone m'buku. Mng'ono wanga anamvetsa theka ndi kota popinda nsalu. Ophunzira anzanga a zauphunzitsi azindikira kuti iyi ndi TALULAR yomwe timaimva kawirikawiri, kuphunzitsa pogwiritsa ntchito zinthu zopezeka pamalopo, kungoti apa mphunzitsi safunika kunyamula kanthu kupita nako m'kalasi.

Komabe pali malire omwe ndi osavuta kuwadumpha. Masiki woyamba amaphunzitsa kuyeza. Wachikhumi amalimbitsa dzanja. Wa nambala 200 saphunzitsanso kanthu. Pamenepo mwana wasanduka waganyu wosalipidwa. Funso lomwe ndimaona kuti limathandiza ndi ili: kodi ntchito imeneyi ndikumupatsa chifukwa pali chomwe sakudziwa, kapena chifukwa akuidziwa kale bwino? Kuthandiza makolo n'koyenera, ndipo mwana wosagwira ntchito pakhomo sindimusirira. Koma tisamatchule kuthandizako kuti phunziro pofuna kutonthoza chikumbumtima. Pamenepa ndimaima ndi Susanna: kuwerenga, kulemba ndi masamu zikhale ndi maola ake osakhudzidwa, ngakhale atakhala awiri okha m'malo mwa asanu ndi limodzi.

Nyumba itapsa

Mu Febuluwale 1709 nyumba ya abusa ku Epworth inapsa usiku. John, ali ndi zaka zisanu, anapulumutsidwa kudzera pawindo denga litatsala pang'ono kugwa. Banja linabalalika, ana anagawidwa m'makomo a anthu ena mpaka nyumba ina itamangidwa. Sukulu inaima. Atabwerera, Susanna anapeza kuti anawo atengera malankhulidwe ndi makhalidwe omwe iye sankawafuna, ndipo anayambiranso.

Poyambiranso anasintha zina. Anayamba kuika ana awiriawiri, wamkulu kwambiri ndi wamng'ono kwambiri wodziwa kulankhula, wachiwiri ndi wotsatira, kuti aziwerengerana salimo ndi chaputala cha m'Baibulo. Mphunzitsi amene anagwirako kalasi ya ana oposa 80 amaidziwa nzeru imeneyi: simungafike kwa aliyense, ndiye ophunzira ena akhale manja anu. Anapatulanso nthawi yamadzulo yocheza ndi mwana aliyense payekha kamodzi pasabata. Tsiku la John linali Lachinayi, ndipo atakula ankalikumbukirabe. Izi zikusonyeza kuti Susanna anaona kuti maola asanu ndi limodzi ophunzitsa salowa m'malo mwa mphindi zochepa zokhala mayi chabe. Mwana amene mayi ake ndiwonso amachonga kope lake amafunika nthawi ina yomwe sakuyesedwa.

Pali zinthu ziwiri zomwe okamba za Susanna pa maulaliki amakonda kudumpha. Choyamba, ngakhale banjalo linali la ngongole, m'nyumbamo munali antchito. Maola asanu ndi limodzi aja ankatheka chifukwa wina ankasonkha moto. Ngakhale mkazi wa pa Miyambo 31, yemwe amayi athu amawerengeredwa kawirikawiri pa misonkhano ya amayi, ali ndi adzakazi omwe amawagawira ntchito. Kuuza mayi amene amatunga madzi yekha, kuphika pambaula yekha ndi kusoka yekha kuti achite ngati Susanna, osamufunira womuthandiza, n'kumusenzetsa mlandu womwe si wake. Ndipo abambo nawo funsoli likuwakhudza. Chachiwiri, mwambo wake unali wolimba kwambiri. Ana ankaphunzitsidwa kuopa mkwapulo ndi kulira motsitsa mawu ali ndi chaka chimodzi. Izi sindingazitengere, ndipo sindikuona kuti ndondomeko yake yabwino ya nthawi imadalira zimenezo.

Yesani ichi musanafike tsamba lotsatira. Tengani pepala, lembani ntchito zonse zomwe mayi wa pakhomo panu amagwira kuyambira tambala woyamba mpaka kugona. Kenako pezani maola awiri otsatizana omwe angakhale pansi ndi mwana popanda kudzuka. Mukalephera, onani kuti ndi ntchito ziti zomwe zingachoke m'manja mwake, ndipo pambali pa iliyonse lembani dzina la woitenga. Dzina lanu lisasowepo.

Kwathu tinafika pa zimenezi mochedwa, chakumapeto kwa Meyi, chimanga chitalowa m'matumba. Amayi analemba pakatoni kuti makasitomala azibwera kuyambira 11 koloko, n'kukhoma pachitseko. Ena ananyinyirika, awiri anapita kwa telala wina. Wofika m'mawa ndinkamulandira ine, ndipo phala ndinkaphika ine. Kuyambira 8 koloko mpaka 10 koloko makina ankaphimbidwa ndi chitenje, ndipo mng'ono wanga sankaloledwa kugwira simbi mpaka kope lake litachongedwa. Maphunziro a pawailesi akayamba, amayi ankasoka zamanja zosachita phokoso, khutu lili komweko. Madzulo ine ndinkamvetsera mchimwene wathu akuwerenga.

Khola lija anangolisiya. Bambo atafunsa, amayi anayankha kuti nkhuku zagona m'khitchini zaka zitatu, miyezi inanso ingapo sizifa. Linamalizidwa mu Novembala, ana atabwerera kusukulu, mvula yoyamba itayamba kale kununkhira.