Musanasinthe ndodo ya magiya, yang'anani loko ya rivesi

Galimoto zambiri zoyenda pakati pa Lilongwe, Nathenje ndi Mitundu zinachokera ku Japan zitayendapo kale, ndipo zochuluka ndi za otomatiki. Koma za manyuwo zikadalipo: ma Hilux onyamula fodya ndi soya, ma Probox ena, ndi za anyamata okonda liwiro monga Subaru Impreza, Golf kapena Corolla RunX ya magiya 6. Eni ake a zimenezi ndiwo amakonda kugula mutu wa giya wonyezimira kapena ndodo yaifupi yoti giya izilowa msanga. Palibe cholakwika. Choopsa n'chakuti zida zogula paderazi nthawi zina zimapha loko yomwe imaletsa rivesi kulowa mwangozi, ndipo mwini galimoto amadzazindikira atagunda kale wa kabaza kumbuyo.

Yambani ndi kudziwa loko ya galimoto yanu, chifukwa sizifanana. Pa Toyota 86 ndi Subaru WRX STI pali mphete pansi pa mutu wa giya, yomwe mumaikoka m'mwamba ndi zala ziwiri kuti rivesi itheke. Pa Golf mumakankhira ndodo yonse pansi, kenako kumanzere ndi kutsogolo. Pa Toyota zambiri za magiya 5, rivesi imakhala kunsi kwa giya 5, ndipo loko yake ili m'kati mwa giyabokosi: simungachoke pa 5 n'kutsikira pa rivesi osayamba mwabwerera pa nyutulo. Imani pamalo athyathyathya, kokani handibuleki, zimitsani injini, pondani kilachi, ndipo yesani kulowetsa rivesi osakoka mphete kapena kukankhira pansi (pa Toyota ya magiya 5, yesani kuchoka pa 5 molunjika). Iyenera kukana. Ikalola, ndiye kuti vuto lilipo kale musanagule chilichonse.

Chachiwiri, dzifunseni chomwe chikukusowetsani mtendere pa giya yanu. Ambiri omwe amati akufuna ndodo yaifupi, kwenikweni amakhala atatopa ndi ndodo yolendewera. Ikani giya 3, mugwedeze ndodo kumanja ndi kumanzere. Ikamayenda ngati mthiko mu phala, mabushi atha. Izi sizodabwitsa kuno: fumbi la m'misewu ya dothi yolowa m'midzi kuchokera pa Mitundu limasakanikirana ndi girizi n'kumadya pulasitiki pang'onopang'ono, ndiye mvula ikabwera matope amamaliza ntchito. Pa galimoto zokoka ndi matayala akutsogolo, monga Corolla ndi Probox, ndodo imalumikizana ndi giyabokosi kudzera m'makebulo awiri, ina yosankha mzere ndi ina yolowetsa giya, ndipo kumapeto kwa kebulo iliyonse kuli bushi. Tsegulani boneti, wina azigwedeza ndodo inu mukuyang'ana. Muona nokha pomwe pakusewera. Pa Hilux yakale ndodo imalowa molunjika m'giyabokosi, ndipo chomwe chimatha ndi kampando kapulasitiki komwe mpira wa ndodoyo umakhalapo, pamodzi ndi kabushi ka kunsonga. Tizida timeneti ndi totchipa poyerekeza ndi ndodo yatsopano, ndipo tikasinthidwa giya imabwerera mwakale moti ambiri amaiwala za ndodo yaifupi ija.

Ngati giya ikukukuta mano polowa, makamaka pa 1 ndi pa rivesi, ndodo yatsopano siithetsa zimenezo. Onani mafuta a kilachi ngati sanatsike, ndipo onetsetsani kuti kilachi ikumasuka yonse mukaiponda. Onaninso oyilo wa m'giyabokosi. Magiyabokosi ambiri a manyuwo amafuna wolembedwa GL-4, pomwe m'mashopu mumapezeka kwambiri GL-5 wa m'difu. Tsatirani zomwe buku la galimoto likunena, osati zomwe wogulitsa ali nazo pashelefu. Rivesi ya galimoto zambiri zakale ilibe singiro yofananitsa liwiro la magiya, n'chifukwa chake imakukuta mukailowetsa galimoto isanaime. Imani kaye, pondani kilachi, dikirani kamphindi.

Tsopano ngati zonsezi zili bwino koma mtima udakali pa ndodo yaifupi, mvetsani chomwe mukugula. Ndodo yeniyeni yotere siifupika pamwamba pokha. Opanga amatalikitsa mbali ya kunsi kwa mpira womwe ndodo imazungulirapo, motero dzanja limayenda pang'ono koma kunsiko kumayenda mokwanira. Malipiro ake ndi akuti giya imalimba, imafuna mphamvu yochulukirapo. Giyabokosi yokha siifulumira ayi. Masingiro amafunabe nthawi yawo yofananitsa liwiro la magiya, ndipo mukamawakakamiza amatha msanga. Za kudula ndodo ndi sowo n'kuwotcherera, monga ena amachitira, ine sindivomereza. Mumapeza ndodo yolimba, yotsika moti muziwerama poifikira, ndipo ngati inali ndi mphete ya rivesi mwaiphera pomwepo.

Popita kogula, kaya ndi ku Biwi kaya ku Malangalanga, nyamulani mutu wa giya wakale m'thumba. Mazinga amasiyana: Toyota ndi Subaru zambiri zimagwiritsa M12x1.25, Nissan, Mazda ndi Mitsubishi zambiri M10x1.25, pomwe Honda ndi M10x1.5. Mitu yomwe amati imakwana galimoto iliyonse, yomangidwa ndi tisikuluwu titatu m'mbali, imakhwefuka pa mabampu ndipo tsiku lina idzakutsalirani m'manja. Ngati galimoto yanu ili ndi mphete, tembenuzani mutu watsopanowo muone kunsi kwake. Payenera kukhala mphako yoti mphete ilowemo ikakwera. Popanda mphakoyo, mphete siikwera ndipo rivesi siilowa. Apa m'pomwe amakanika ena, pofuna kukusangalatsani, amamanga mpheteyo m'mwamba ndi waya kapena kuichotseratu, n'kukuuzani kuti, "Bwana, yatheka, ikulowa bwinobwino." Ikulowadi, koma tsopano ikulowa nthawi iliyonse.

Taganizani chomwe zikutanthauza. Pa galimoto yomwe rivesi yake ili pambali pa giya 1, mwaima pa Nathenje mukudikira mpata wolowera mu M1, thiraki ikubwera chapatali, mukufulumira kuponya giya 1, koma dzanja lapitirira pang'ono kumanzere. Mukamasula kilachi ndi mafuta ambiri, galimoto ikuthamangira kumbuyo, komwe kuli njinga ndi amayi a tomato. Pa yomwe rivesi yake ili chakumanja, kufupi ndi 5 ndi 6, cholakwikacho chimachitika muli pa liwiro, ndipo mano a giya ya rivesi ndiwo amaphwanyika. Kutsitsa giyabokosi si ndalama yamasewera.

Poika, siyani giya pa nyutulo ndipo jambulani ndi foni musanamasule chilichonse. Mutu wa Toyota umamasuka poupotoza, koma wa Golf umagwidwa ndi kachitsulo kofinya pansi pa chikopa, ndiye mukaupotoza mwamphamvu muthyola. Chotsani pulasitiki yozungulira ndodo mosamala, chifukwa yapsa ndi dzuwa kwa zaka ndipo siichedwa kusweka. Timakilipu ndi timawashala tiikeni m'mbale. Tikagwera pa dothi la pagalaja simudzationanso. Pukutani girizi yakale yonse, pakani yatsopano pa mpira ndi m'mabushi, ndipo mubwezeretse labala yotchinga fumbi. Ikakhala yong'ambika isintheni, apo ayi ntchito yonseyi muibwereza chaka chisanathe.

Ndodo zina zimabwera ndi kachitsulo kotchinga rivesi komwe kamasunthika. Musakamangitse msanga. Ikani giya yoyandikana ndi rivesi, sunthani kachitsuloko mpaka katsale pang'ono kukhudza ndodo, mpata wongokwana pepala, kenako mangani mabawuti. Kakathina, magiya oyandikana ndi rivesi azivuta kulowa. Kakatalikira, loko ilipo dzina lokha.

Musanabwezeretse mapulasitiki, yesani magiya onse injini ili yozima, kenako italizidwa. Bwerezani kuyesa kuja: rivesi ikane popanda kukoka mphete, ilole mukakoka, ndipo mphete ibwerere yokha pansi mukaisiya. Wina aime chakumbali aone ngati magetsi a rivesi akuyaka. Ulendo woyamba ukhale wapang'onopang'ono pamsewu wopanda anthu, osati tsiku la msika, ndipo mumvetsere ngati giya ina ikudumpha yokha mukachotsa phazi pa mafuta, chizindikiro chakuti siikulowa mpaka kumapeto ndipo makebulo akufuna kukonzanso. Pakatha sabata mukuyenda m'mabampu, tsegulaninso mumangitse mabawuti. Ndodo yakale ija musataye kapena kusiya kwa amakanika. Wodzagula galimotoyo angadzaifune, ndipo ya galimoto ya magiya 6 siipezeka wamba ku Lilongwe.