Physics yomwe inathandiza kampani ya Ford kudzuka

Loweruka lina ndinaima pa siteji ya Lirangwe kudikira galimoto ya m'tauni. Poona kuti ikuchedwa, ndinayamba kuwerenga magalimoto odutsa mumsewu wa M1: Toyota, Toyota, Nissan, Mazda, Toyota inanso. Ya kampani ya ku America ndinaonapo imodzi yokha, Ford Ranger.

Lolemba lake ndinafunsa ana anga a Fomu 3. America ndi imene inayamba kupanga magalimoto ambirimbiri pamtengo wotsika, kuyambira pa Model T ya Henry Ford mu 1908. Nanga bwanji kuno kwadzaza a ku Japan okhaokha? Mnyamata wina anati, "Aphunzitsi, ndi nkhani ya chiwongolero." Sanalakwe. Ife ndi a ku Japan timayenda kumanzere kwa msewu, choncho galimoto yogwiritsidwapo kale ntchito kumeneko imafika kuno ili yoyenera. Koma limenelo ndi theka chabe la yankho, chifukwa ngakhale ku America komweko magalimoto a ku Japan anawalanda msika eni dziko. Theka linalo lili m'buku lanu la Physics.

Galimoto yolemera imamwa bwanji mafuta

Chinthu chilichonse choyenda chimakhala ndi mphamvu imene timaitcha kinetic energy, ndipo timaipeza motere: KE = ½mv². Apa m ndi makilogalamu a chinthucho, v ndi liwiro lake m'mamita pa sekondi.

Titenge galimoto yaing'ono ya makilogalamu 1,200 yothamanga makilomita 72 pa ola, omwe ndi mamita 20 pa sekondi. KE yake ndi ½ × 1,200 × 20 × 20 = 240,000 J. Chigalimoto cha makilogalamu 2,400 pa liwiro lomwelo chimafuna 480,000 J, kuwirikiza kawiri.

Mphamvuzi zimachokera mu thanki. Lita imodzi ya petulo imakhala ndi mphamvu pafupifupi 32,000,000 J, koma injini siigwiritsa ntchito yonse. Yambiri imathawa ngati kutentha, n'chifukwa chake boneti imaotcha mukaigwira. Tinene kuti yofika kumatayala ndi gawo limodzi mwa magawo anayi, 8,000,000 J pa lita. Ndiye kuti yaing'ono ija ikufuna mamililita 30 kuti ichoke poima n'kufika pa liwiro lija, pamene yaikulu ikufuna 60.

Mwina mukuti 30 ndi tochepa. Koma dalaivala akangoponda mabuleki, mphamvu yonse ija imasanduka kutentha, yapita basi, ndipo ponyamukanso ayenera kuigulanso. Ganizirani galimoto yonyamula anthu kuchoka pa Lirangwe kudutsa Lunzu mpaka pa Kameza, ikuima apa ndi apo. Itati iime ka 20 n'kumabwereranso pa liwiro lija, yaing'ono yawononga mamililita 600 pa kunyamuka kokha, yaikulu malita 1.2. Apa sitinawerengere mphepo imene galimoto imalimbana nayo ndiponso kukhuzana kwa matayala ndi msewu, zomwenso zimavuta kwambiri galimoto ikakhala yaikulu.

Mafuta atakwera mtengo

Kwa zaka zambiri petulo ku America anali wotchipa, moti makampani atatu akuluakulu, General Motors, Ford ndi Chrysler, sankadandaula za kulemera. Phindu lawo lalikulu linali pa zimagalimoto zikuluzikulu. Ku Japan, komwe mafuta pafupifupi onse amachita kugula kunja ngati ife, akatswiri anazolowera kupanga magalimoto opepuka. Mafuta atasowa mu 1973, anthu a ku America anayamba kuyang'ana Toyota, Datsun ndi Honda.

Mu July 2008 mtengo wa mafuta osayengedwa unafika pafupifupi madola 147 pa mgolo, kenako chuma cha dziko lonse chinagwa. Chaka chomwecho Toyota inapitirira General Motors pogulitsa magalimoto padziko lonse, malo amene General Motors inakhalapo zaka zoposa 70. Mu 2009 Chrysler ndi General Motors analengeza kukhoti kuti alephera kubweza ngongole, ndipo boma la America linaika madola pafupifupi 50 biliyoni mu General Motors yokha kuti isatsekedwe.

Ford nayo inali pa moto. Mu 2006 inaluza madola opitirira 12 biliyoni, mu 2008 opitirira 14 biliyoni. Kusiyana kwake n'kwakuti inakonzekeratu. Alan Mulally, injiniya amene anachokera ku kampani yopanga ndege ya Boeing, atangoyamba kuitsogolera mu 2006 anakongola madola opitirira 23 biliyoni, n'kupereka chikole pafupifupi chilichonse, mpaka chizindikiro chabuluu chija cholembedwa Ford. Anagulitsa Jaguar ndi Land Rover kwa Tata ya ku India mu 2008, ndiponso Volvo kwa Geely ya ku China mu 2010. Ford sinapite kukhoti ngati anzake aja, ngakhale inalandira ngongole ya boma yokonzera mafakitale kuti azipanga magalimoto osamwa mafuta ambiri. Mu 2009 inapeza phindu la madola 2.7 biliyoni, ndipo mu 2010 linapitirira 6 biliyoni.

Zimene mainjiniya anachita

Ngongole imangokugulira nthawi. Kuti anthu abwerere kudzagula, galimotoyo iyenera kusintha. Ndikupatseni zitsanzo ziwiri.

Choyamba ndi injini yaing'ono yokhala ndi turbo, imene Ford inayamba kugulitsa mu 2009 pa dzina loti EcoBoost. Utsi wotentha wotuluka mu injini umakhala udakali ndi mphamvu. Turbo imagwiritsa ntchito utsiwo kuzunguza kachipangizo kokhala ndi mapiko, ndipo kameneko kamakankhira mpweya wambiri mu injini. Zili ngati mvukuto wa wosula makasu: mpweya ukachuluka, moto umakolera. Motero injini yaing'ono imatha kukoka ngati yaikulu pachikweza, koma pamalo athyathyathya n'kumamwa pang'ono.

Chachiwiri ndi kuchepetsa m uja. Pikiapu ya F-150 ya 2015 anaipanga ndi thupi la aluminiyamu m'malo mwa chitsulo. Kiyubiki mita imodzi ya chitsulo imalemera makilogalamu pafupifupi 7,850, ya aluminiyamu 2,700. Sikuti galimotoyo inapepuka katatu ayi, chifukwa malata a aluminiyamu amayenera kukhala ochindikala kuti alimbe, komanso felemu yapansi inakhalabe yachitsulo. Komabe inapepuka ndi makilogalamu pafupifupi 300. Amenewo ndi matumba 6 a chimanga a makilogalamu 50, otsitsidwa kamodzi osadzakwezedwanso.

Kodi Ford inapambana ndiye? Pa mapikiapu inalimba. Ranger ngati ija ndinaona pa Lirangwe imapangidwanso ku Silverton, mumzinda wa Pretoria ku South Africa. General Motors inachoka m'dzikolo mu 2017, n'kusiyira Isuzu fakitale yake ya ku Port Elizabeth. Koma pa magalimoto ang'onoang'ono, mu 2018 Ford inalengeza kuti isiya kugulitsa ambiri mwa iwo ku North America. Panopa kwabweranso mpikisano wina, wa magalimoto amagetsi a ku China monga BYD. Amenewa, pamodzi ndi ma hybrid ngati Toyota Aqua, poima amasandutsa gawo la KE ija kukhala magetsi n'kulisunga mu batire, m'malo molitaya lonse pa mabuleki.

Tonse taonapo mizere pa malo omwetsera mafuta, komanso mtengo wa minibasi ukukwera petulo akasowa. Choncho masamuwa ndi athu omwe.

Ntchito yanu: pikiapu ya makilogalamu 2,300 yapepuka ndi makilogalamu 300. Pa liwiro la mamita 20 pa sekondi, KE yatsika ndi zingati? Pogwiritsa ntchito 8,000,000 J pa lita, yapulumutsa petulo wochuluka bwanji ikanyamuka ka 20? Pomaliza, bwerezani masamu a galimoto ya makilogalamu 1,200 ija pa liwiro la mamita 30 pa sekondi, kenako mundiuze chimene chikudya mafuta kwambiri: matumba 6 a chimanga, kapena phazi la dalaivala. Onetsani njira yonse, musangolemba yankho.