Makalata a omvera: Ndege yoyamba ikhale yotani?

M'kalata yanu mwati mukufuna kugula kandege koulutsa ndi rimoti, kaja kamabwera zidutswazidutswa m'bokosi, ndipo mtima wanu uli pa ndege ya Spitfire. Pepani, imeneyo iyambe yadikira. Mapiko ake ndi obulungira m'mbali, ovuta kumanga, ndipo liwiro likachepa potera imangoti phi pansi.

Yambani ndi yophunzirira, ya mapiko pamwamba, monga SIG Kadet ya ku America. Ikapendekeka m'mwamba imadziwongola yokha.

Musanapereke ndalama, yang'anitsitsani matabwa a m'bokosimo. Amakhala a balsa, mtengo wopepuka kwambiri womwe wochuluka umachokera ku Ecuador. Odulidwa ndi laser amalowana bwinobwino, koma odindidwa ndi makina akale amaphwanyika m'mphepete, ndiye mumatha masiku mukungopala ndi sandipepala. Thabwa lopindika likaneni, chifukwa phiko lokhota limakokera ndege mbali imodzi. Guluu nayenso musamuchulutse, amalemeretsa.

Mukamaliza kumanga, inyamuleni ndi zala ziwiri pansi pa mapiko, pamalo pomwe pulani yasonyeza. Mphuno iweramire pang'ono. Ikalemera kumchira, onjezani kamtovu kutsogolo musanaiulutse.