Phunziro 14: Ngalande Kapena Malaiti?

Mzinda wa Chipata uli ndi khonsolo. M'khonsolo muli meya ndi makhansala. Anthu amawavotera pa zaka 5 zilizonse. Khansala aliyense amaimirira dera lake. Derali limachedwa wadi.

Khonsolo imacotsa zinyalala, imasamalira misika ndi kukonza ngalande. Ndalama zina zimacokera kwa ogulitsa pamsika. Tikiti imene amai anu amadula pamsika, ndalama yake imapita kukhonsolo.

Tiyerekeze kuti mvula ili pafupi. Ngalande ya pamsika yatsekeka ndi mapulasitiki. Azimai ogulitsa repu ndi tomato aopa kolera. Koma anthu a wadi ina afuna malaiti a mumseu, cifukwa usiku akawalala avuta. Onse ali ndi zifukwa zomveka. Ndalama ni zocepa. Manje khonsolo icite bwanji?

Poyamba, anthu amauza khansala wao. Khansala amapereka nkhaniyo ku komiti. Komiti imafunsa kuti, "Nchito iyi idzadya ndalama zingati? Nanga tikacedwa, adzavutika ndani?" Kenaka makhansala onse amakumana. Nthawi zina amatsutsana kwambiri, mpaka meya kuwauza kuti alankhule mmodzimmodzi! Akalephera kugwirizana, amavota. Mbali ya anthu ambiri ndiyo imapambana.

Zimene agwirizana zimalembedwa m'buku. Ngati asankha ngalande, anchito amabwera ndi mafosholo ndi mawilibala. Malaiti amayembekezera ndalama zina.

Mafunso
1. Kodi wadi n'ciani?
2. Makhansala akalephera kugwirizana, amacita ciani?
3. Mukanakhala khansala, mukanasankha ciani? Uzani mnzanu cifukwa cake.