Tirigu ku Chintheche: Kodi Ndi Mcheredi?

Funso: Ndili ndi dimba kufupi ndi mtsinje wa Luweya kuno ku Chintheche. M'mbali mwake muli mitengo ya mango ndi misangu iwiri. Chilimwe chikafika, nthaka imatuwa pamwamba, ndipo anzanga akuti ndi mchere. Ndikufuna kuyesa tirigu poti buledi wakwera mtengo. Ndithire feteleza wanji kuti apirire mcherewo?
Mlimi, Chintheche

Yankho: Bambo, ndalama ya fetelezayo iyambe yakhala m'thumba. Ndikukayika ngati vuto lanu ndi mchere.

Mchere umaunjikana kumene mvula ndi yochepa, dzuwa ndi loswa mtengo, ndipo madzi alibe kolowera. N'chifukwa chake nkhani imeneyi timaimva kwambiri ku Chikwawa ndi ku Nsanje, komanso m'mbali mwa nyanja ya Chilwa, imene ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Kwanuko zinthu n'zosiyana. Boma lanu la Nkhata Bay ndi limodzi mwa maboma olandira mvula yambiri m'dziko muno, ndipo madzi a nyanja ya Malawi si amchere. Mvula yotereyi imatsuka nthaka, makamaka yamchenga, n'kuisiya yosauka ndi ya asidi. Si mwangozi kuti tiyi wa ku Kawalazi, mphira wa ku Vizara ndi chinangwa cha kondowole zimakondwa kumeneko: zonsezi zimapirira asidi. Tirigu ayi.

Komabe kadimba kamodzi kangathe kuchita mchere ngati mumathirira pang'onopang'ono pamalo osataya madzi, kapena ngati mwakhala mukuunjika feteleza chaka ndi chaka. Yesani chonchi: palani zotuwazo, musungunule m'madzi pang'ono, mulawe ndi nsonga ya lilime. Kenaka kumbukirani mmene nyemba zimachitira pamenepo. Nyemba sizilimba mtima ndi mchere ngakhale wochepa. Zimapsa m'mphepete mwa masamba n'kupinimbira. Ngati mumakolola nyemba bwinobwino, mchere wovutitsa tirigu palibe, chifukwa tirigu amaupirira kuposa nyemba, chimanga ndi mpunga womwe.

Yankho lenileni lili ku labotale. Tapani dothi malo angapo, kuya kwa masentimita 20, musakanize, muumitse pamthunzi, mupatse alangizi akuthandizeni kulitumiza kokayeza. Malo a kafukufuku a Mkondezi ali m'boma lanu lomwelo, Lunyangwa ali ku Mzuzu, ndipo ku Chitedze amayeza nthaka. Ndikulimbikira zimenezi chifukwa mankhwala a matenda awiriwa amatsutsana. Nthaka ya asidi imafuna laimu kapena phulusa. Yamchere imafuna ngalande ndi madzi ambiri otsukira, ndipo ikakhala yomata, yosalowa madzi, imafunanso gypsum. Mukathira phulusa pa nthaka yamchere, mwawonjezera vuto ndi manja anu.

Tsono za tiriguyo. M'Malawi muno amalimidwa kumapiri kozizira monga ku Tsangano m'boma la Ntcheu, ku Neno ndi ku Nchenachena ku Rumphi. Chintheche ili pansi, mamita pafupifupi 500 kuchokera pamlingo wa nyanja yaikulu, kotentha ndi kwachinyezi. Kutentha kukapyola madigiri 30 pamene ngala zikukhwima, njere zimakhala mphwepwa, ndipo chinyezi chimaitana matenda a dzimbiri. Ine ndikanakhala inu, gawo lalikulu la dimbalo ndikanalisiyira mpunga, nyemba kapena chimanga chachiwisi, tirigu n'kumupatsa mabedi awiri okha oyesera. Fesani mu Meyi, kuti achite ngala kusanayambe kutentha kwa Seputembala.

Pa mabediwo yambani ndi manyowa owola bwino, okwanira. Mumchenga, manyowa ndiwo amasunga madzi ndi chakudya. Popanda iwo feteleza amangodutsa ngati madzi m'dengu. Wokulitsa, uja wa 23:10:5+6S+1.0Zn, muthire pofesa, koma m'kamzere kakekake pambali, asakhudzane ndi mbewu, pakuti feteleza nayenso ndi mchere ndipo amawotcha mizu yanthete. Wobereketsa mumugawe kawiri: theka tirigu akayamba kuphuka ana, pakatha masabata atatu kapena anayi, theka lina asanatulutse ngala. Yureya musamusiye pamtunda dzuwa likumuwomba. Kwirirani, thirirani tsiku lomwelo. Kukapezeka kuti nthaka ndi ya asidi, CAN ndiye wabwino, ndipo sulphate of ammonia mumupewe.

Mitengo ija si yofanana. Mango ali ndi mthunzi wandiweyani, ndipo pansi pake simudzapata kanthu ngakhale muthire thumba lathunthu; mabedi akhale kunja kwa mthunziwo. Msangu ndi bwenzi la mlimi, koma pali kanthu kamene ambiri amaiwala. Timautama chifukwa umayoyola masamba m'dzinja, chimanga n'kumaona dzuwa. Tirigu wa m'dimba amakula nthawi imene msanguwo wavala masamba ndipo ukumwa nawo madzi. Kamthunzi kake kopyapyala kangathandize kuziziritsa masana, koma nthambi zam'munsi muzisadze musanafese, masambawo muwakwirire m'mabedi. Bedi limodzi likhale pansi pa msangu, lina pamtetete, feteleza wofanana, ndipo pokolola muyeze zonse ndi mbale imodzi. Zotsatira zake mudzatilembere.