Phunziro 8: Njinga Yamoto Ikakana Kulira

Anzanga, masiku ano njinga zamoto zachuluka m'maboma a Machinga ndi Balaka. Mukafika pa Ntaja, pa Nsanama kapena pa Ulongwe, mudzapeza akabaza akudikira anthu. Njingazi zimanyamula mbewu kupita nazo kumsika. Zimathamangiranso ndi odwala ku chipatala cha boma cha Machinga chimene chili pa Liwonde. Njinga ikafera panjira, ndalama za tsikulo zapita. Mwinanso moyo wa wodwala ukhala pangozi.

Njinga zina n'zakale, monga Yamaha DT 125 ndi Honda CG 125. Zina za ku China, monga Lifan, injini zake anatengera ku CG 125 yomweyo. Injini zotere n'zosavuta kuzimvetsa. Kuti zilire zimafuna zinthu zitatu: petulo, moto ndi mpweya. Tsono njinga ikakana, musathamangire kumasula injini. Yang'anani zitatuzi chimodzichimodzi. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha.

1. Petulo

Tsegulani thanki, gwedezani njinga, mumvetsere ngati muli petulo. Musaunikemo ndi machesi, ndipo fodya akhale kutali. Kenaka onani kampopi ka pansi pa thanki. Pali mawu atatu. ON ndiye kuti kotsegula. OFF ndiye kuti kotseka. RES ndiye petulo wotsalira pansi. Petulo akachepa, lozetsani pa RES.

Zulani kapaipi kopita ku kabuleta. Petulo ayenera kutuluka mothamanga. Ngati akungodontha, ndiye kuti mwatsekeka zinyalala. Petulo wogula m'mabotolo nthawi zina amakhala ndi madzi kapena mchenga. Masulani kasikuluwu ka pansi pa kabuleta kuti zoipazo zituluke, kenaka mangani.

2. Moto

Moto umachokera ku pulagi. Poyamba onani ngati kiyi ali pa ON. Onaninso kabatani kozimitsira injini ka pa handulo, ngati njinga yanu ili nako. Ambiri amavutika tsiku lonse chifukwa cha kabatani kameneka basi.

Masulani pulagi ndi sipanala yake. Pukutani petulo yense wotayika. Bwezerani pulagi m'chipewa chake cha labala, muigunditse pa chitsulo cha injini, kutali ndi bowo lake. Gwirani pa labala pokha. Pondani kiki. Muyenera kuona moto wabuluu ukuthetheka. Ngati palibe, yesani pulagi ina. N'chifukwa chake ndi bwino kuyenda ndi pulagi yapadera.

Mtundu wa pulagi umatiuza matenda a injini. Ikakhala yofiirira ngati tiyi wamkaka, zili bwino. Ikakhala ndi mwaye wakuda, petulo akuchuluka kapena mpweya ukuchepa. Ikayera mbee, injini ikutentha kwambiri. Palani mwaye ndi kaburashi ka waya. Mpata wa kunsonga kwa pulagi ukhale pafupifupi mamilimita 0.7.

3. Mpweya

Inu mukudziwa fumbi la ku Balaka m'mwezi wa Okutobala. Fumbi limatseka sefa ya mpweya. Zikatero njinga imafooka pa mtunda, imatulutsa utsi wakuda ndipo imamwa petulo wambiri. Ngati sefayo ndi ya siponji, ichapeni ndi sopo, iume bwino, muipake oyilo pang'ono. Ngati ndi ya pepala, musaichape. Ingoikung'unthani, kapena gulani ina. Musayende opanda sefa, chifukwa fumbi limadya injini m'kati. Choki ndi ya m'mawa injini ikazizira. Ikalira, ibwezereni.

Nthawi yopita kwa makaniki

Ngati kiki ikutsika mopepuka kwambiri, kapena injini ikugogoda, kapena pulagi ikunyowa ndi oyilo wakuda, vuto lili m'kati. Pamenepo lekani, pitani kwa makaniki. Muuzeni zonse zimene mwayesa kale. Mukatero sadzataya nthawi, ndipo inu simudzagula zitsulo zosafunika.

Mafunso

1. Tchulani zinthu zitatu zimene injini imafuna.
2. Kodi mawu akuti RES akutanthauza chiyani?
3. Pulagi ya mwaye wakuda ikutiuza chiyani?
4. Lembani m'kope mwanu zida zimene muyenera kunyamula pa ulendo.